Mafunso ndi mayankho okhudza kuthwanima kwa sikirini ndi kuoneka bwino kwa zilembo pa makompyuta a thin client

Madandaulo amene anthu ogwira ntchito pa makompyuta a thin client amabwera nawo amafanana kwambiri: sikirini ikuthwanima, zilembo zikuoneka mwachimbuuzi, ndipo pofika madzulo maso alema ndiponso mutu ukuwawa. Ngakhale madandaulowa amamveka chimodzimodzi, magwero ake ndi osiyana, moti munthu akapanda kudziwa pamene vuto layambira amataya nthawi yambiri akukonza chinthu chimene chilibe mlandu. Mayankho ali m'munsiwa alembedwa pofuna kuthandiza ogwiritsa ntchito makinawa komanso amene anapatsidwa udindo wowayang'anira.

Kodi thin client ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani mavuto a sikirini amavuta kuwatsata pa makina amenewa?

Thin client ndi kakompyuta kakang'ono kamene ntchito yake yaikulu ndi kulumikiza munthu ku kompyuta ina yamphamvu, yotchedwa seva, imene imayendetsa mapulogalamu onse. Mukadina batani pa kiyibodi kapena mukasuntha mausi, uthengawo umapita ku seva kudzera pa netiweki, ndipo seva ikachita zimene mwalamula imabweza chithunzi cha zimene ziyenera kuoneka pamaso panu. Njira zolankhulirana pakati pa makina awiriwa zilipo zingapo: RDP ya Microsoft, HDX ya Citrix, PCoIP imene inapangidwa ndi Teradici, Blast imene inapangidwa ndi VMware komanso VNC, ndipo pa Linux anthu ambiri akhala akugwiritsa ntchito LTSP. Pakati pa makampani odziwika opanga makinawa pali HP, NComputing ndi Dell, imene inagula kampani ya Wyse mu 2012.

Chimene chimavutitsa ndi kutalika kwa ulendo umene chilembo chimodzi chimayenda chisanafike m'maso mwanu. Seva imachijambula, kenako imafinya chithunzicho kuti chichepe, n'kuchitumiza pa netiweki. Thin client imachilandira, imachimasula, ndipo imachipereka ku monita kudzera pa chingwe. Paliponse pa malo amenewa chithunzi chikhoza kuwonongeka. Pa kompyuta wamba malo oti mufufuze ndi ochepa, koma pano munthu ayenera kuyamba wafunsa kuti vutoli lili mbali ya seva ndi netiweki, kapena lili patebulo pomwepo, pakati pa thin client, chingwe ndi monita.

Kodi refresh rate imatanthauza chiyani?

Ndi chiwerengero cha maulendo amene monita imajambulanso chithunzi chonse pa sekondi imodzi, ndipo amachiyeza mu hertz, amene amalembedwa mwachidule kuti Hz. Monita imene ili pa 60 Hz imajambula chithunzi maulendo 60 pa sekondi, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chimakhala pafupifupi mamilisekondi 16.7 chisanalowedwe m'malo ndi chinzake. Pa 85 Hz nthawiyo imatsika kufika pa mamilisekondi 11.8.

Kodi amene amasankha refresh rate ndi seva kapena thin client?

Ndi thin client pamodzi ndi monita, ndipo seva ilibe mbali pa nkhaniyi. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera, chifukwa amalowa mu Windows ya pa seva n'kumafunafuna pamene angasinthire ma hertz, koma amapeza malowo ali otsekedwa kapena akusonyeza nambala imene sikugwirizana ndi monita yawo. Monita imene seva imaiona pa nthawi imeneyo si yeniyeni ayi, ndi yongopangidwa ndi pulogalamu. Malo oyenera kusintha ali mu masetingi a thin client yeniyeniyo, musanalowe ku seva.

Chimene seva imalamulira ndi chinthu china, chomwe ndi kuchuluka kwa zithunzi zatsopano zimene imatumiza pa sekondi. RDP ya pa Windows imalekezera pa zithunzi 30 pa sekondi ngati simunasinthe chilichonse, ndipo Citrix ndi PCoIP nazonso zimayambira pa 30. Choncho monita yanu ikhoza kukhala pa 60 Hz koma n'kumaonetsa chithunzi chimodzimodzicho kawiri podikira china. Zimenezi sizichititsa kuti sikirini ithwanime, koma zimachititsa kuti zenera likamakokedwa kapena tsamba likamatsetsereka zizioneka ngati zikudumphadumpha. Microsoft inafotokoza njira yokwezera malirewa kufika pa 60 poika nambala 15 pa DWMFRAMEINTERVAL mu registry ya seva, mmene Windows imasungira masetingi ake, koma woyang'anira ayenera kuganiza kaye asanatero, popeza seva imodzi imatumikira anthu ambiri ndipo zithunzi zikachuluka ntchito ya seva ndi katundu wa pa netiweki zimachulukanso.

Kuti timvetse chifukwa chake pamakhala malire otere, tiwerenge. Sikirini ya 1920×1080, kutanthauza timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika (chiwerengero chimenechi chimatchedwa resolution), ili ndi timadontho 2,073,600. Kadontho kalikonse kakatenga mabiti 24, ndipo chithunzi chonse chikatumizidwa maulendo 60 pa sekondi popanda kufinya, pangafunike pafupifupi magigabiti 3 pa sekondi kwa munthu mmodzi yekha. Netiweki ya ofesi ya gigabiti imodzi singakwanitse ngakhale munthu mmodziyo. N'chifukwa chake seva imangotumiza zigawo zimene zasintha, ndipo nazonso imayamba yazifinya.

Ndikugwiritsa ntchito monita yakale ya CRT ndipo imandipweteka maso. Kodi vuto ndi chiyani?

Mwachionekere ili pa 60 Hz. Monita ya CRT, ija ya chimimba kumbuyo, siiwalitsa sikirini yonse nthawi imodzi. M'kati mwake muli kachipangizo kothira maelekitironi pa galasi lopakidwa mankhwala otchedwa phosphor, ndipo kamayenda mzere ndi mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi. Malo amene maelekitironi agunda amawala kwa kanthawi kochepa kwambiri n'kuyamba kuzirala. Munthu amaona chithunzi chathunthu chifukwa chakuti diso limasunga kuwala kwa kamphindi, monga mmene chikuni choyaka chimaonekera ngati mkombero wa moto munthu akamachizungulitsa usiku. Maulendo ojambulawo akachepa, diso limayamba kuzindikira mdima umene uli pakati pake, ndipo ndiko kuthwanima kumene mukukumva m'maso.

Pa 60 Hz anthu ambiri amakuona kuthwanimaku, makamaka pa tsamba loyera komanso pa monita yaikulu. M'mbali mwa diso mumazindikira kuthwanima msanga kusiyana ndi pakati pake, kotero ngati mukufuna kutsimikiza, yang'anani pambali pang'ono pa monitayo m'malo moiyang'ana mwachindunji. Pa 72 kapena 75 Hz ambiri amapeza mpumulo, ndipo pa 85 Hz ndi ochepa kwambiri amene amaonabe kanthu. Ine ndimaona kuti kusiya munthu pa CRT ya 60 Hz tsiku lonse la ntchito, pamene makina ake angathe kufika pa 75 kapena 85, ndi kumulakwira, chifukwa kukonza kwake sikutenga ngakhale mphindi zisanu.

Ngati chithunzi chikugwedezeka kapena kuvinavina m'malo mothwanima, yang'anani zimene zili pafupi ndi monita. CRT imasokonezeka ndi mphamvu ya maginito yochokera ku fani, masipika, thiransifoma kapena monita ina yoyandikana nayo. Magetsi a machubu akale nawonso amathwanima maulendo 100 pa sekondi kumene magetsi ndi a 50 Hz, kapena 120 kumene ndi a 60 Hz, ndipo kuthwanima kwawo kukaphatikizana ndi kwa monita maso amavutika kwambiri.

Ndikufuna kusankha 85 Hz koma pa mndandanda pakungooneka 60 Hz. Kodi ndichite chiyani?

Pali zifukwa zitatu zimene zimabweretsa zimenezi, ndipo ndi bwino kuzifufuza motsatana.

Choyamba ndi chakuti thin client sikudziwa zimene monita ingakwanitse. Monita imasunga kambiri kake kakafupi kotchedwa EDID, kamene kamafotokoza dzina lake, kukula kwake ndi ma hertz amene imalola. Pa chingwe cha VGA uthengawu umadutsa pa mapini nambala 12 ndi 15. Zingwe zina zotsika mtengo sizilumikiza mapini amenewa, ndipo ma adaputala ena komanso timabokosi ta KVM togawira monita imodzi ku makompyuta angapo timautsekereza. Thin client ikapanda kulandira EDID imasankha zimene ikudziwa kuti sizingawononge kanthu, zomwe nthawi zambiri ndi 60 Hz. Lumikizani monita mwachindunji ndi chingwe china, muyambe mwayatsa monita, kenako muyatse thin client.

Chachiwiri ndi malire a monita yeniyeniyo. CRT imakhala ndi malire a mizere imene ingajambule pa sekondi, amene amalembedwa mu kHz (kHz imodzi ndi mizere 1,000 pa sekondi). Kuti ionetse 1024×768 pa 60 Hz imafunika 48.4 kHz, pa 75 Hz imafunika 60 kHz, ndipo pa 85 Hz imafunika 68.7 kHz. Kuti ionetse 1280×1024 pa 85 Hz imafunika 91.1 kHz. Choncho monita imene malire ake ndi 70 kHz ingakupatseni 85 Hz pa 1024×768, koma pa 1280×1024 singapitirire kwenikweni 60 Hz. Pa CRT, kutsika pang'ono pa resolution kuti mupeze ma hertz okwera ndi kusinthanitsa kwabwino.

Chachitatu ndi mphamvu ya thin client. Makina akale anali ndi kachipangizo ka zithunzi kofooka, ndipo ena akapanda driver yoyenera, yomwe ndi pulogalamu yoyendetsa kachipangizoka, amagwiritsa ntchito driver wamba ya VESA, imene kawirikawiri imatsekera munthu pa 60 Hz. Pa thin client ya Linux, lamulo la xrandr limasonyeza zonse zimene makinawo akuziona kuti n'zotheka, lamulo la cvt limawerengera modeline yatsopano, yomwe ndi mzere wa manambala ofotokoza resolution ndi ma hertz amene mukufuna, ndipo mu fayilo ya xorg.conf mukhoza kulemba nokha malire a HorizSync ndi VertRefresh potengera buku la monitayo.

Kodi kukweza ma hertz kungawononge monita?

Mamonita akale kwambiri a CRT ankatha kuwonongeka akapatsidwa liwiro loposa malire ake. Amene anabwera pambuyo pake, pamodzi ndi mamonita opyapyala a LCD, amangodetsa sikirini n'kulemba uthenga wonga "Out of range". Windows imadikira masekondi 15 ndipo mukapanda kuvomereza imabwerera pamene inali, koma si thin client iliyonse imene imachita zimenezi, choncho dziwiranitu njira yobwezeretsera masetingi musanayambe kuyesa.

Monita yanga ndi ya LCD ndipo ili pa 60 Hz. Kodi ndiikweze kuti isathwanime?

Ayi, palibe chifukwa. Malangizo onse a 75 ndi 85 Hz anachokera m'nthawi ya CRT, ndipo anthu akupitiriza kuwapereka pa mamonita amene amagwira ntchito mosiyana kotheratu. Pa LCD kadontho kalikonse kamasunga mtundu wake mpaka katauzidwa kuti kasinthe, ndipo kuwala kumachokera ku nyali imene ili kuseri kwa galasi. Palibe kuzirala pakati pa chithunzi ndi chinzake, kotero 60 Hz pa LCD siithwanima. Ma hertz okwera amathandiza kuti zoyenda zizioneka zosalala, monga kamuvi ka mausi, koma pa thin client imene ikulandira zithunzi 30 zokha pa sekondi phindu lake ndi lochepa. Komanso pa chingwe cha VGA, kukakamiza 75 Hz kumakweza liwiro la uthenga wodutsa m'chingwemo, ndipo chingwecho chikakhala chachitali kapena chosalimba zilembo zimayamba kufooka.

Nanga n'chifukwa chiyani LCD yanga ikuthwanimabe?

Kawirikawiri wolakwa ndi nyali ya kuseri ija. Mamonita ambiri akafuna kuchepetsa kuwala sachepetsa mphamvu ya nyaliyo, koma amaiyatsa ndi kuizimitsa mofulumira kwambiri, njira imene imatchedwa PWM. Mukatsitsa kuwala, nthawi imene nyali imakhala yozima imatalika. Pa mamonita ena zimenezi zimachitika maulendo mazana ochepa okha pa sekondi, ndipo ngakhale munthu sangakuone kuthwanimako mwachindunji, ena amamva kutopa kwa maso ndi mutu. Nyali za LED zimazima nthawi yomweyo, pamene machubu akale a CCFL ankapitiriza kuwala pang'ono akazimitsidwa, n'chifukwa chake anthu ena anayamba kudandaula atangopatsidwa monita yatsopano.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegulani tsamba loyera, tsitsani kuwala, ndipo gwedezani pensulo mofulumira kutsogolo kwa sikirini m'chipinda chamdima pang'ono. Mukaona mapensulo angapo osiyana m'malo mwa mthunzi umodzi wosalala, ndiye kuti nyaliyo ikuthwanima. Kamera ya foni nayonso imatha kuonetsa mizere yakuda yoyenda. Pa mamonita ambiri kuthwanimaku kumasiya kuwala kukafika pa 100 peresenti, choncho mukhoza kukweza kuwala n'kutsitsa contrast kuti maso asathobwe, ngakhale kuti njira yokhalitsa ndi kupeza monita yolembedwa kuti flicker-free, kutanthauza yosathwanima.

Kuthwanima kumene kumaoneka poyera, makamaka monita ikangoyatsidwa kenako n'kumachepa ikatenthera, kumasonyeza kuti nyali yakalamba kapena ma capacitor a gawo la magetsi afooka. Sikirini ikamada kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kubwereranso, kayikirani chingwe chosamangika bwino kapena adaputala. Palinso mamonita otsika mtengo amene amapanga mitundu ina posinthasintha mofulumira pakati pa mitundu iwiri yoyandikana, ndipo pa malo otuwa pamaoneka ngati pakuyenda timchenga. Chimenechi ndi chibadwa cha monitayo ndipo sichikonzeka.

Kodi ndingadziwe bwanji kuti vuto lili patebulo langa kapena ku seva?

Funso limeneli ndi limene liyenera kuyankhidwa musanasinthe chilichonse. Yambani ndi kudina batani la menyu pa monita yeniyeniyo. Menyuyo imajambulidwa ndi monita yokha popanda thandizo la kompyuta, kotero pa LCD, ngati nayonso ikuthwanima, vuto lili mu monita. Ngati menyu yakhazikika koma chithunzi cha kumbuyo kwake chikunjenjemera, ganizirani za chingwe kapena potulukira zithunzi pa thin client.

Kenako tulukani ku seva ndipo muyang'ane sikirini ya thin client yokha, pamene mumalembera dzina kapena pa masetingi ake. Zilembo za pamenepo sizidutsa pa netiweki. Zikakhala zakuthwa bwino koma za ku seva zili mbuu, monita ndi chingwe zilibe mlandu. Mukhozanso kujambula sikirini muli m'kati mwa seva n'kukatsegula chithunzicho pa kompyuta ina yabwino. Chithunzi chotere chimatengedwa seva isanafinye kanthu, choncho ngati zilembo zili zoipa m'menemo ndiye kuti seva ikuzijambula molakwika, koma ngati zili bwino ndiye kuti zikuwonongekera m'njira. Pomaliza, funsani anzanu. Vuto la munthu mmodzi limakhala patebulo lake, pamene vuto la chipinda chonse limaloza ku seva, ku netiweki, kapena ku masetingi amene anaikidwa pa ma thin client onse nthawi imodzi.

Zilembo zonse zikuoneka mwachimbuuzi nthawi zonse. Kodi ndiyambire pati?

Yambirani pa resolution. LCD ili ndi chiwerengero chokhazikika cha timadontho, ndipo imaonetsa bwino pokhapokha ikapatsidwa chithunzi chofanana ndendende ndi chiwerengerocho. Monita ya 1920×1080 ikapatsidwa chithunzi cha 1366×768 imachikoka kuti chidzaze galasi lonse, ndipo kamzere kamene kanayenera kukhala pa kadontho kamodzi kamamwazikira pa timadontho toyandikana. Mamonita a mainchi 17 ndi 19 osatambalala nthawi zambiri amakhala a 1280×1024, koma m'maofesi ambiri mumawapeza ali pa 1024×768, zimene zimawononga zilembo komanso kupotoza maonekedwe a zinthu.

Pa thin client nambala zoyenera kugwirizana ndi zitatu: ya monita, ya thin client, ndi ya zenera la seva. Zoyamba ziwiri zikhoza kukhala zolondola koma chithunzi cha seva n'kukhala chaching'ono, chokokedwa ndi pulogalamu yolumikizira. Mu RDP kukokaku kumatchedwa smart sizing, ndipo ndi bwino kukuzimitsa n'kulola seva kutenga kukula kwenikweni kwa sikirini.

Ndikugwiritsa ntchito chingwe cha VGA ndipo zilembo zili ndi mithunzi kapena zikunyezimira. Kodi pali chochita?

VGA inayambitsidwa ndi IBM mu 1987 ndipo imatumiza chithunzi ngati mafunde a magetsi osati ngati manambala. Monita ya LCD imayenera kuyeza mafundewo pa nthawi yoyenera kuti ipeze mtundu wa kadontho kalikonse, ndipo ikaphonya pang'ono zotsatira zake zimaoneka pa zilembo. Mu menyu muli zinthu ziwiri zokhudza zimenezi. Clock ikalakwika pamaoneka mizati yoimirira ya malo osaoneka bwino, ndipo Phase ikalakwika zilembo zimanyezimira kapena kufooka m'mbali. Batani la Auto limakonza zonse ziwiri, koma lidineni pamene sikirini yadzaza ndi zilembo zakuda pa tsamba loyera, osati pamene ili yakuda kapena yopanda kanthu, popeza monita imafunika malire akuthwa kuti iyezerepo. Mithunzi yotsatira chilembo kumanja imachokera ku chingwe chachitali kwambiri, chopyapyala kapena cholumikizidwa ndi chinzake. Ngati thin client ndi monita zonse zili ndi DVI, HDMI kapena DisplayPort, samukirani kumeneko ndipo nkhani ya Clock ndi Phase idzatheratu.

Zilembo si zachimbuuzi koma zikuoneka zokhakhala, ngati zili ndi mano. Kodi chikusowa n'chiyani?

Chikusowa ndi kusalaza zilembo. Chilembo chili ndi mizere yokhota, pamene timadontho ta sikirini ndi timabokosi, choncho kompyuta imaika mitundu yotuwa m'mphepete kuti diso lione mzere wosalala. ClearType ya Microsoft imapita patsogolo pogwiritsa ntchito mfundo yakuti kadontho kalikonse ka LCD kali ndi timizere titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, ndipo imatiyatsa patokhapatokha kuti iwonjezere kuthwa kwa chilembo cham'mbali. Mu Windows XP munthu ankayenera kuiyatsa yekha, koma kuyambira pa Windows Vista imabwera yoyatsa kale.

Zilembo zosalazidwa zili ndi mitundu yambiri ndipo zimalemera pa netiweki kuposa zakuda bii, choncho mapulogalamu olumikizira ena amazimitsa kusalazaku pofuna kupulumutsa liwiro. Mu Remote Desktop Connection ya Windows, chongani Font smoothing pa gawo la Experience. Mu fayilo ya .rdp mzere wake ndi allow font smoothing:i:1, ndipo mu pulogalamu yolumikizira ya FreeRDP mumawonjezera +fonts. Zikakanikabe, woyang'anira aone ngati pa seva sipanaikidwe lamulo loletsa kusalaza zilembo. Aonenso kuchuluka kwa mitundu, chifukwa mabiti 16 amangopereka mitundu 65,536 pamene mabiti 24 kapena 32 amapereka pafupifupi 16.7 miliyoni. Pa netiweki ya m'nyumba imodzi sindiona chifukwa chomveka chomana anthu zinthu ziwirizi.

Mukaona timphepete tofiira kapena tabuluu pa zilembo, mwina monita yanu inasanja timizere tija mobwerera, kuyambira kabuluu kukathera kofiira, kapena mwaiimika choongoka. Pulogalamu ya ClearType Text Tuner imathandiza kusankha zoyenera, koma zimene mwasankha zimasungidwa pa dzina lanu ku seva, ndiye mukasamukira pa tebulo la monita ina mungafunike kubwerezanso.

Ndikamatsetsereza tsamba zilembo zimafufutika kenako n'kubwerera. Ndipo zofiira sizioneka bwino ngati zakuda. Kodi n'chifukwa chiyani?

Kumeneko ndi kufinya kwa chithunzi, ndipo monita ilibe mbali. Zinthu zikamayenda pa sikirini, seva imatumiza chithunzi chopepuka kuti chifike msanga, ndipo zikaima imatumiza zotsalazo mpaka chithunzi chikhale chathunthu. PCoIP ndi Citrix zili ndi njira yotchedwa build to lossless imene imachita zimenezi mwadala. Kuchedwa kwa zilembo kuti zibwerere ndi chizindikiro chakuti netiweki yapanikizika kapena ikutaya uthenga, ndipo thin client imene ili pa Wi-Fi ndi bwino kuiyesa pa chingwe.

Nkhani ya zilembo zamitundu ili ndi gwero lake. Njira yofinyira zithunzi ya H.264, imene inapangidwira makanema, nthawi zambiri imasunga kuwala kwa kadontho kalikonse koma mtundu imausunga kamodzi pa timadontho tinayi, dongosolo lotchedwa 4:2:0. Pa kanema wa anthu ndi mitengo diso silizindikira kusiyana. Zilembo zakuda pa tsamba loyera nazonso zimapulumuka chifukwa zimadalira kuwala. Koma nambala zofiira mu spreadsheet, kapena zilembo zabuluu pa malo akuda, zimadalira mtundu, ndipo zimatuluka zopakika. Yankho ndi 4:4:4, imene imasunga mtundu wa kadontho kalikonse. RDP 10, imene inabwera ndi Windows 10 ndi Windows Server 2016, ili ndi AVC 444, ndipo Citrix ndi Blast nazonso zili ndi masetingi ofanana nawo. Njirayi imafuna mphamvu yochulukirapo ku seva, ku netiweki ndi ku thin client, choncho iyesedwe kaye pa makina ochepa, koma kwa anthu owerengera ndalama ndi ojambula mapulani phindu lake limaonekeratu.

Zilembo ndi zazing'ono kwambiri. Kodi nditsitse resolution?

Musatero, chifukwa mudzapeza zilembo zazikulu koma zachimbuuzi. Siyani monita pa resolution yake yeniyeni ndipo mukweze scaling kufika pa 125 kapena 150 peresenti, kuti zilembo zijambulidwe zazikulu ndi timadontho tochuluka. Kuyambira pa RDP 8.1, thin client imatha kuuza seva kukula kumene mwasankha. Mukasintha, tulukiranitu ku seva ndi sign out m'malo mongodula kulumikizana, apo ayi mapulogalamu ena amapitiriza ndi kukula kwakale. Mapulogalamu akale ena sadziwa kudzikulitsa, ndipo Windows imangowakoka ngati chithunzi. Ngati pulogalamu imodzi yokha ndi imene ili mbuu pamene zina zonse zili bwino, chifukwa chake ndi chimenechi.

Kodi monita yaikulu imaonetsa zilembo bwino kuposa yaing'ono?

Si kukula kokha kumene kumawerengedwa, koma kuthinana kwa timadontho. Monita ya mainchi 24 ya 1920×1080 ili ndi timadontho pafupifupi 92 pa inchi, pamene ya mainchi 27 ya resolution yomweyo ili ndi 82, ndiye zilembo zake ndi zazikulu koma zokhakhala. Ya mainchi 27 ya 2560×1440 ili ndi 109, ndipo ya 3840×2160 ili ndi 163.

Ndalumikiza monita ya 4K ndipo mausi ikuyenda molemera. Kodi netiweki ndi imene ikuchedwa?

Yang'anani kaye ma hertz. HDMI 1.4 imangokwanitsa 3840×2160, yomwe ndi 4K, pa 30 Hz, ndipo kuti mufike pa 60 Hz pamafunika HDMI 2.0 kapena DisplayPort 1.2. DVI ya njira imodzi (single link) imalekezera pa 1920×1200 pa 60 Hz basi. Pa 30 Hz LCD siithwanima, koma kamuvi ka mausi kamaoneka kolemera ngakhale musanalowe ku seva, ndipo chimenechi ndi chizindikiro chakuti netiweki ilibe mlandu. Kumbukiraninso kuti 4K ili ndi timadontho kuwirikiza kanayi poyerekeza ndi 1920×1080, moti thin client imene imayenda bwino ndi monita wamba ikhoza kulemedwa, makamaka mukalumikiza mamonita awiri.

Kodi TV ingagwire ntchito ngati monita ya thin client?

Ingagwire, koma TV imakonza chithunzi m'njira zoyenera makanema zimene zimawononga zilembo. Zimitsani overscan, imene imakulitsa chithunzi pang'ono n'kudula m'mphepete, tsitsani sharpness, ndipo sankhani PC mode kapena mutchule polowera pa HDMI kuti PC, popeza pa ma TV ambiri ndi pamene mtundu wa kadontho kalikonse umasungidwa.

Kodi kuthwanima ndi zilembo zosaoneka bwino kungavulaze thanzi?

Zimene anthu amakumana nazo kawirikawiri ndi maso otopa, ouma kapena oyabwa, kupweteka kwa mutu, komanso khosi louma chifukwa chosendera pafupi ndi sikirini pofuna kuwerenga. Munthu akamayang'anitsitsa sikirini amaphethira mochepa, ndipo zilembo zachimbuuzi zimachititsa diso kulimbana ndi chinthu chimene sichingathwe ngakhale litayesetsa bwanji. Khalani pa mtunda wa masentimita 50 mpaka 70, kuwala kwa sikirini kufanane ndi kwa chipinda, ndipo pakatha mphindi 20 zilizonse yang'anani chinthu chimene chili pa mamita 6 kwa masekondi 20. Anthu ena a matenda a khunyu amatha kugwidwa ndi matendawa chifukwa cha kuwala kothwanima, makamaka kwa maulendo 3 mpaka 30 pa sekondi, choncho monita imene ikuthwanima moonekeratu chifukwa chowonongeka ichotsedwe msanga. Ngati sikirini yakonzedwa koma maso akupwetekabe, kapimitseni maso kwa dokotala.

Tikufuna kugula ma thin client ndi mamonita atsopano. Kodi tifunse chiyani?

Funsani potulukira zithunzi pamene thin client ili napo, resolution ndi ma hertz amene paliponse pangakwanitse mamonita onse atalumikizidwa nthawi imodzi, komanso ngati imatha kumasula H.264 ndi kachipangizo kake osati ndi pulogalamu yokha. Pa monita, funsani ngati ndi flicker-free, ngati ili ndi polowera pa DisplayPort kapena HDMI, ndipo muwerengere timadontho pa inchi musanakopeke ndi kukula kwake. Musanagule zambiri, tengani thin client imodzi ndi monita imodzi, muzilumikize ku seva yanu yeniyeni ndi zingwe zimene mudzagwiritse ntchito, ndipo mupatse munthu amene amawerenga manambala ang'onoang'ono tsiku lonse kuti agwirirepo ntchito yake kwa masiku angapo, kuwala kwa monita kuli pa mlingo umene iye amakonda.